Za Chiyamiko m'Mau Athu a Masiku Onse

Phunziro la mwezi uno liwerengedwe pamodzi ndi Deuteronomo 26:1-12, Luka 17:11-19, ndi Yakobo 3:1-12. Aphunzitsi a m'midzi ayambe aliwerenga okha kunyumba, asanaime nalo pamaso pa anthu a m'kalasi.

Abale okondedwa mwa Ambuye, tiyambe ndi chinthu chimene tidachiona ndi maso athu. Tsiku la masika chaka chino anthu anadzaza nyumba ya Mulungu, kotero kuti ena anamvera mau ali panja pa mazenera. Nyimbo zinamveka kufikira kutsidya kwa dambo, amai analuluta, ndipo madengu a chimanga, mtedza ndi nyemba anaunjikana patsogolo pa gome. Koma titatuluka, tisanafike ndi pa mphambano pomwe, tinamva mbale wina alikufunsa mnzake, "Nanga ku munda mwapatako bwanji chaka chino?" Ndipo uyo anagwetsa nkhope nati, "Ha, achimwene, kulibe kanthu. Tangotolako tizitsononkho. Kaya ngati tifika nato Disembala." Tsono munda wa munthuyo tiudziwa, pakuti njira yathu ya ku sukulu ya m'mudzi ipita m'mphepete mwake, ndipo tidaona ngolo ilikututa masiku atatu. Munthuyo si wakuba, si woledzera; ndiye mmodzi wa iwo oyamba kufika ku mapemphero. Koma m'kati mwa ora limodzi pakamwa pake panatuluka umboni wa mitundu iwiri: m'nyumba ya Mulungu anati wadalitsidwa, pa njira anati wamanidwa.

Tisamloze chala mbale ameneyu, pakuti lilime lake ndilo lathu lomwe. Tamverani malonje a mlendo wa Chikristu atakhala pa mphasa. Ayamba ndi chifuwa cha ana, napita ku malungo a apongozi, natchula mbuzi imene inagwidwa ndi fisi, kukwera mtengo kwa feteleza, ndi mlatho umene unakokoloka. Zonsezi zingakhale zoona, ndipo nkoyenera kuti abale azidziwe. Koma mwana amene anadwala mwezi watha nachira samtchula. Mlongo amene wachembeza bwino samtchula. Ulendo wa tsiku lathunthu umene wauyenda wopanda ngozi auyesa chinthu chachabe. Tikafunsana m'mawa kuti, "Mwadzuka bwanji?" tiyankha kuti, "Pang'ono," kapena "Choncho," kapena "Tingoyesera." Mvula ikachedwa tidandaula dzuwa, ikagwa tidandaula matope, ngakhale makolo adatiuza kale kuti walira mvula walira matope. Ndipo ife aphunzitsi ndi alaliki tisadziyese oyera pa mlandu uwu, pakuti tikakomana nkhani yathu yoyamba ndi kuchepa kwa malipiro ndi kuuma mitima kwa anthu. Yakobo adazizwa nacho chinthu chomwechi, nayerekeza pakamwa pa munthu ndi kasupe, amene sakhoza kukhala wa madzi abwino ndi owawa nthawi imodzi.

Wofuna kuchiza nthenda ayambe wadziwa kumene yachokera. Ena ati ndi kusayamika chabe. Ife tiyesa kuti muzu wake uli pansi koposa apo, ndipo dzina lake ndi mantha. Kuyambira ubwana wathu tidaphunzitsidwa kuti chabwino chibisike. Wakolola zambiri asanene, kuopa kuti wansanje angamlodze, kapena angamnenere kuti ali ndi mfumba yokokera chimanga cha m'minda ya anzake. Mwana wonenepa ndi wosalala asamtamande pagulu, kuopa maso a anthu. Chotero kudandaula kudasanduka chishango, ndipo munthu abisala kuseri kwa mau akuti "kulibe kanthu" monga kalulu abisala pa chitsamba. Tsono taonani, abale, chimene tilikuchita. Tsiku la ubatizo wathu tidaimirira pamaso pa Eklesia, ndi kubvomera kuti zakale tazisiya, ndi kuti Yesu Kristu ndiye Mwini mphamvu zonse. Zithumwa tidataya, ena adaziotcha poyera. Koma chithumwa chimodzi chidatsala, chosamangidwa m'chuuno kapena pa khosi, koma pa lilime. Munthu wokana dalitso la Mulungu kuopa kuti mfiti ingamve, alikunena ndi machitidwe ake kuti khutu la mfiti liposa dzanja la Mulungu.

Alipo mantha enanso, ndipo awa ndiwo atichititsa manyazi kuwatchula. Tikanena kuti nkhokwe yadzala, mawa lomwe afika mai wamasiye ndi lichero, afika mphwathu wosowa ndalama za sukulu, ndipo dikoni wolemba zopereka aika mau athu mumtima. Ponena kuti kulibe kanthu titseka chitseko asanagogode. Apa ndipo paonekera kuti chiyamiko chili ndi mtengo wake. Kuimba nyimbo sikuchepetsa chimanga. Koma kunena pa bwalo kuti Mulungu wandipatsa matumba 30 kudzachotsa matumba awiri kapena atatu.

Chilamulo cha Mose chidadziwa zimenezi. Pa Deuteronomo 26 Mwisraeli analamulidwa kutenga zipatso zoyamba za nthaka mu dengu ndi kupita nazo kwa wansembe. Koma dengu lokha silinakwanire ai. Mwini wake anayenera kutsegula pakamwa ndi kufotokoza mbiri yake momveka: kuti kholo lake linali munthu wopanda dziko, kuti anatsikira ku Aigupto ali owerengeka, kuti anazunzidwa ndi ntchito yolemetsa, kuti analira kwa Yehova ndipo Iye anamva, nawatulutsa, nawapatsa nthaka imene yabala zam'denguzo. Penyetsani bwino kayendedwe ka mau amenewa. Masautso sanabisike, anatchulidwa onse. Koma nkhani siinathere pa masautso. Awa ndiwo malonje a munthu wa Mulungu. Ndipo atatha kunena, analamulidwa kukondwera pamodzi ndi Mlevi ndi mlendo, ndiwo anthu opanda munda; ndi pa ndime 12 atchulidwanso ana amasiye ndi akazi amasiye. Mulungu adamanga zinthu zitatu mtolo umodzi: dengu, mau, ndi mbale ya wosauka. Womasula mtolowo kuti atengeko nyimbo yokha sanayamike konse. Makolo athu, amene sanawerenge Mose, adati kupatsa nkuika.

Koma wina adzati, Kodi Mulungu saona mumtima? Ndikayamika chamumtima sikukwanira kodi? Yankho lili pa Luka 17. Akhate anali 10, ndipo onse anachira alikupita kukadzionetsa kwa ansembe. Sitikayika kuti asanu ndi anai aja anakondwa. Ndani sakondwa khate litamchoka? Kapena m'mitima mwao anayamikanso, sitidziwa. Chimene tidziwa nchakuti mmodzi yekha, ndiye Msamariya, anabwerera alikulemekeza Mulungu ndi mau okweza, nagwa pa mapazi a Yesu. Ndipo Ambuye anafunsa za enawo monga munthu amene wasowa chinthu chimene anachiyembekezera. Chiyamiko chosatuluka pakamwa Iye sanachiwerenge.

Ndipo ife tizizwa nazo bwanji, popeza mwambo wa kwathu uli womwewo? Mwana akalandira chinthu ndi dzanja limodzi nachoka chete, amake am'bweza kuti alandire ndi manja awiri. Wamkulu akapatsidwa chakudya aomba m'manja, natchula mfunda wa wopatsayo: Zikomo Phiri, Zikomo Banda, Zikomo Mbewe. Mlendo wakudya nsima nanyamuka osanena kanthu, nati pambuyo pake ndinayamika chamumtima, mudzi wonse udzamuyesa wosaleredwa. Tsono ulemu umene tipatsa mwini nsima tim'mana Mwini mvula.

Wina asaganize kuti tilikupempha Akristu alalikire pa chitsime ndi pa msika monga alalikira mbusa pa gome. Iai, tilikunena za mau ang'onoang'ono. Boazi pofika ku munda wake analonjera okolola m'dzina la Yehova, ndipo iwo anamyankha ndi dalitso (Rute 2:4). Panalibe wansembe pamenepo, panali mwini munda ndi antchito ake, thukuta lili kamukamu. Munthu uja wa ziwanda wa ku manda, atachira, anapempha kutsagana ndi Yesu. Koma Yesu anam'bweza kwao kuti akauze abale ake zimene anamchitira Ambuye (Marko 5:19). Sanamtume kukaphunzitsa chilamulo. Anamtuma kukapereka malonje. Moni wa mtundu uliwonse usenza chimene mtunduwo uchiyesa chachikulu. Ayuda polonjerana afunirana mtendere. Ahelene a masiku a atumwi polonjerana ankanena mau otanthauza kukondwera. Ndiwo mau amene Yakobo ayamba nao kalata wake, ndi amene mngelo analonjera nao Mariya. Ndipo anansi athu Achisilamu a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, ukawafunsa za moyo, ambiri ayamba ndi kutamanda Mulungu m'Chiarabu, ngakhale ali pa ngalawa kapena pa sitolo. Pa za Kristu tisiyana nao, koma pa ichi atichititsa manyazi.

Tili nao akulu athu a m'Afrika muno amene tingaphunzireko. Pa 17 Julaye m'chaka cha 180, Akristu 12 a mudzi wa Scilli, amuna 7 ndi akazi 5, anaweruzidwa ku Carthage, m'dziko limene lero litchedwa Tunisia, chifukwa anakana kulumbira pa mzimu wa mfumu ya Roma. Mtsogoleri wao anali Speratus. Pamene kazembe anawerenga chiweruzo chakuti aphedwe ndi lupanga, iwo anayankha ndi mau awiri a Chilatini, Deo gratias, ndiko kunena kuti ayamikike Mulungu. Cyprian, mkulu wa Eklesia wa ku Carthage, anayankha chimodzimodzi pomva chiweruzo chake m'chaka cha 258. Kodi mau amenewa anawapeza tsiku lomwelo? Tiyesa kuti iai. Munthu woopsedwa ndi lupanga sapeka mau atsopano. Atulutsa amene lilime lake lidazolowera. Ndipo Augustine wa ku Hippo, amene anamwalira m'chaka cha 430, atiuza kuti m'masiku ake abale pokomana ankalonjerana ndi mau omwewo. Ena anawasandutsa dzina. Mkulu wa Eklesia wina wa ku Carthage anali Deogratias. Ndipo pamene Avandali anafunkha Roma m'chaka cha 455 nabwera ndi akapolo ambiri, iye anagulitsa zotengera zagolidi ndi zasiliva za m'nyumba ya Mulungu kuti awaombole, nasandutsa nyumba za mapemphero ziwiri zikhale mogona odwala. Taonani mtolo uja wa Mose, mau ndi mbale ya wosauka zili pamodzi.

Koma m'dziko lomwelo, masiku omwewo a Augustine, munalinso gulu lina, la anthu otchedwa Circumcellion, a chipani cha Donatus. Iwo ankayendayenda m'midzi ndi zibonga, namenya ndi kupundula amene sanabvomerezane nao. Ndipo mfuu yao pomenyapo inali Deo laudes, ndiko kunena kuti atamandike Mulungu. Augustine anena kuti anthu ankaopa mfuu imeneyo koposa kubangula kwa mkango. Tilemba ichi kuti wina asatenge phunziro lino nayesa kuti kuchulukitsa mau oyera ndiko kupembedza. Mau a chitamando angathe kukhala pakamwa pa munthu wonyamula chibonga.

Zibonga zotere zilipo ndi kwathu kuno, ngakhale sizioneka. Alipo mai amene anena kuti, "Ine Mulungu wandidalitsa ndi ana asanu ndi mmodzi," alikupenya mnzake wosabala, ndipo mau akewo alasa koposa mutu wa nkhwangwa. Ameneyo ndi mlongo wa Mfarisi uja wa pa Luka 18, amene anayamba pemphero lake ndi kuyamika, koma chiyamiko chake chonse chinali kudziyesa woposa wamsonkho. Alipo wamalonda amene walemba dzina la Mulungu pa khomo la sitolo yake ndi zilembo zazikulu, koma sikelo yake yogulira mbeu za alimi idya kilo imodzi pa thumba lililonse. Alipo wina amene aitana dzina la Yesu mbale ikagwa pansi, nalumbira kuti "Pali Mulungu" potsatsa mbuzi yodwala. Ameneyo akumbukire lamulo lachitatu. Ndipo alipo anyamata athu amene atumizirana Aleluya ndi Ameni pa lamya usiku wonse, osadziwa ndi tanthauzo lake lomwe. Aleluya ndi mau a Chihebri oitana anthu kuti atamande Yehova. Masalmo asanu otsiriza, kuyambira 146 kufikira 150, ayamba nao natsiriza nao. Koma m'Chipangano Chatsopano monse apezeka kanai kokha, ndipo ponse pali pa Chibvumbulutso 19. Atumwi sanawamwaze monga mankhusu. Chiyamiko chao chinali kutchula chinthu ndi dzina lake: Paulo ayamika chifukwa cha mphatso ya Afilipi, chifukwa cha kuchira kwa Epafrodito, chifukwa cha kufika kwa Tito. Nafenso titero. Kunena kuti, "Mwana uja anatentha thupi Lachiwiri, lero wadya phala, Mulungu watichitira chifundo," kuposa ma Aleluya makumi awiri opanda nkhani.

Tsono pali funso lolemera, ndipo sitifuna kulilumpha. Nanga iye amene nkhokwe yake ili yopanda kanthu ndithu? Nanga amene anaika ana m'manda pa njala ya 2002, kapena amene nyumba zao zinakwiririka ndi matope a phiri la Soche pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023? Kodi tiwauze kuti amwetulire? Iai ndithu. Bodza la kubisa dalitso ndi bodza la kubisa chisoni ndi ana a bambo mmodzi. Ambuye mwini analira pa manda a Lazaro, ndipo Masalmo ambiri ndi kulira kokhakokha. Miyambo 25:20 ifanizira woimbira nyimbo munthu wosweka mtima ndi wobvula mnzake chofunda tsiku la chisanu. Tidamvapo pa siwa Mkristu wina alikudzudzula mai wofedwa kuti aleke kulira popeza kulira nkusakhulupirira. Tinachita manyazi, ndipo tipempha kuti mau otere asamvekenso pakati pathu. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete. Anayamba kulakwa atatsegula pakamwa. Wopita pa maliro apite ndi nkhuni, ufa ndi misozi. Chiyamiko cha m'chisoni sachikakamiza ndi munthu wina. Chituluka mwa mwini chisoniyo pa nthawi yake, monga chinatuluka mwa Paulo ndi Sila pakati pa usiku m'ndende ya ku Filipi, misana ili ndi mabala. Mneneri Habakuku, pa mutu 3, awerenga zinthu zisanu ndi chimodzi zimene zalephera, kuyambira mkuyu kufikira ng'ombe za m'khola, osachotsapo ndi chimodzi chomwe. Ndipo atatha kuwerenga ndipo anena za kukondwera kwake mwa Yehova. Wakolola madengu awiri anene kuti ndi awiri; asawachulukitse, asawachepetse; ndipo anenenso Amene anamsunga chaka chatha ndi dengu limodzi.

Tidziwa gogo wina wa mpingo wa kumudzi, wosaona maso onse awiri, amene ukamfunsa za kudzuka ayamba wafotokoza za nyamakazi ya m'mabondo, pakuti iwawa ndithu, koma satha osanena kuti, "Komabe Mwini wake wandidzutsa, ndipo adzukulu andibweretsera madzi ofunda." Ana a m'mudzimo akonda kukhala pa khonde pake, ndipo sadziwa chifukwa chake. Ife tichidziwa.

Tinenepo pang'ono za maina, pakuti dzina ndilo mau amene atchulidwa kawirikawiri koposa onse m'nyumba. Leya, mkazi wa Yakobo, sanakondedwe monga Rakele, ndipo ana ake atatu oyamba anawatcha maina a chisoni chake: Rubeni chifukwa cha kuzunzika kwake, Simeoni chifukwa cha kudedwa kwake, Levi chifukwa cha kulakalaka kuti mwamuna wake amphatike. Koma pa mwana wachinai analeka kupenya mwamuna wake napenya Yehova, namutcha Yuda, dzina la chitamando (Genesis 29:31-35). Ndipo m'fuko la Yuda ameneyo ndimo anabadwira Ambuye wathu. Kwathu kuno adalipo ambiri, ndipo alipobe, otchedwa Mabvuto, Masautso, Tsoka ndi Maliro. Sitinyoza makolo amene anatcha maina otere. Ambiri a iwo adaika ana atatu kapena anai, natcha wotsatira dzina loipa kuti imfa imlambalale. Koma kodi si mantha omwe aja? Tikondwera kuona kuti m'mabuku a ubatizo mwachuluka a Yamikani, Thokozani, Tamandani, Kondwani, Chimwemwe ndi Chisomo. Mai woitana mwana wake Yamikani ku dambo alalikira mudzi wonse osadziwa. Koma tidamvanso, ndi makutu athu, mai wina alikufuula kuti, "Yamikani, galu iwe, tabwera kuno!" Mau awiri a Yakobo aja anakomana m'mpweya umodzi, ndipo mwanayo sitidziwa kuti adzakumbukira ati.

Tipempha eni nyumba kuti mwezi uno ayese chinthu chimodzi. Madzulo, atatha kudya nsima, asanapemphere, bambo afunse aliyense wa m'nyumba, kuyambira wamng'ono, chinthu chimodzi chimene Mulungu wamchitira tsiku limenelo, chotchulika ndi dzina. Ndipo bambo mwini asadzipatule. Masiku oyamba ana adzaseka, ndipo akulu adzasowa chonena, musaleke. Aphunzitsi nao, pa kalasi la Lachitatu, ayambe ndi kufunsa anthu malonje a sabata yonse, namvetsere kumene malonjewo athera. Ndipo mbale wathu uja wa ngolo, ngati awerenga mau awa, adziwe kuti mai wamasiye wa kuseri kwa nyumba yake anamva yankho lake pa mphambano paja, nabwerera ndi lichero lake osapempha.